KULIMBITSA THUPI KULI NDI MALAMULO AKE

Mawu awa anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, makolo ndi a komiti za sukulu za kumidzi. Alembedwa pano kuti amene sanafikeko awerenge, ndi kuwerengerako anzawo.



M'sukulu zambiri nthawi ya masewera olimbitsa thupi, imene akuluakulu ophunzira kale amaitcha dirilo, ndiyo imayamba kutayidwa ntchito zikachuluka. Mayeso akayandikira, nthawiyo imaperekedwa ku masamu. Udzu ukamera pa bwalo, ana amapatsidwa makasu ndi zikwakwa. Tsono kalata ikafika yonena kuti mpikisano wa sukulu zonse za m'dera uli pafupi, mphunzitsi amasankha ana 12, nawathamangitsa m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi, kufikira ena akutsimphina ndipo ena akusanza. Tsiku la mpikisano ana aja amagonja, ndipo anthu pobwerera kwawo amati sukulu inayo ili ndi mankhwala. Palibe mankhwala pamenepa. Thupi la munthu lili ndi malamulo ake a kakulidwe ka mphamvu, ndipo sukulu inayo inawatsata, kaya modziwa kaya mosadziwa.

Lamulo lalikulu ndi ili: thupi limalimba pokhapokha likapatsidwa ntchito yoposa pang'ono imene linazolowera. Zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, mu mzinda wa Croton, kumwera kwa dziko limene lero likutchedwa Italy, munali katswiri wa masewera ogwetsana dzina lake Milo, amene anapambana ka 6 pa masewera a ku Olympia. Anthu akale ankasimba kuti Milo ananyamula mwana wa ng'ombe pa mapewa tsiku limene anabadwa, napitiriza kumunyamula tsiku ndi tsiku kufikira atakhala nkhunzi. Aliyense woweta ng'ombe adziwa kuti imeneyi ndi nthano chabe, pakuti thole limakula msanga kuposa mphamvu za munthu, ndipo nkhunzi siingalole kunyamulidwa. Koma chimene nthanoyo ikuphunzitsa n'choona. Katundu ankakula pang'ono tsiku lililonse, ndipo munthu ankakula naye limodzi.

Madokotala anatsimikiza zimenezi. M'chaka cha 1945 dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, analemba za njira imene ankachiritsira asilikali ovulala miyendo pa nkhondo. M'malo mowapatsa zolemera zochepa kuti azinyamula nthawi zambirimbiri, monga ankachitira ena, iye ankafuna kulemera kumene wodwala angakukweze ka 10 kokha, ndipo mwendo ukalimba ankaonjezera kulemerako. Asilikali aja anachira msanga, ndipo njira yakeyo ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala.

Chimachitika n'chiyani m'katimo? Mtima ndi mnofu, monga minofu ya m'manja. Munthu akamathamanga kawirikawiri, mtima wake umaphunzira kutulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti sufunikanso kugunda kambiri. Mtima wa munthu wamkulu wongokhala umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, koma wa wothamanga mitunda yaitali ukhoza kugunda ka 50 kapena kucheperapo. M'minofu mumaphuka timitsempha ting'onoting'ono tatsopano topititsa magazi, ndipo mafupa a mwana wodumphadumpha amakhala okhuthala kuposa a mwana wongokhala pansi. Komatu ziwalo zimenezi sizilimba pa liwiro limodzi. Mtima ndi minofu zimasintha m'masabata owerengeka; mafupa ndi mitsempha yomanga mnofu ku fupa zimafuna miyezi. Ichi ndicho chifukwa chake mwana amene wangoyamba kumva mphamvu ndiye amavulala bondo kapena chidendene: mphamvu yafika, koma zomangira zake zikadali zanthete.

Chotero kuonjezera kuyenera kukhala kwa pang'onopang'ono. Mphunzitsi angaonjezere masiku, kapena kutalika kwa nthawi, kapena liwiro, kapena kusintha mtundu wa masewera, koma asaonjezere zonse pamodzi. Bwalo la mpira la mamita 100 m'litali ndi mamita 60 m'lifupi, munthu akalizungulira kamodzi wayenda mamita 320. Akalizungulira ka 5 wayenda mamita 1,600, ndiko kuti pafupifupi mailo imodzi. Ana a Sitandade 6 angayambe ndi kuzungulira kawiri mosafulumira, masiku atatu pa sabata. Sabata yachitatu azungulire katatu. Akafika pa kuzungulira ka 5 osaima, pamenepo ndi pamene mphunzitsi angayambe kunena za liwiro. Ntchito yotere imatenga teremu yonse, ndipo palibe njira yoifupikitsira kuti ikwane m'sabata imodzi.

Kuyesa ndi zala ziwiri

Mphunzitsi wa kumudzi alibe makina, koma ali ndi zala ndi wotchi. Aike zala ziwiri pa mkono wa mwana, m'munsi mwa chala chachikulu, awerenge kugunda kwa masekondi 15, nachulukitse ka 4. Asagwiritse chala chachikulu, chifukwa nacho chili ndi kugunda kwake. Ana a makalasi apamwamba amaphunzira kudziwerengera okha tsiku limodzi, ndipo amachulukitsa mokondwa kuposa m'kalasi.

Kuwerenga kotere sikwatsopano. M'zaka za m'ma 1930 ku Germany, mphunzitsi wa othamanga Woldemar Gerschler ndi dokotala wa mtima Herbert Reindell anakonza njira yothamanga moduladula. Wothamanga ankathamanga mtunda waufupi mwamphamvu kufikira mtima wake utagunda pafupifupi ka 180 pa mphindi, napuma kufikira utatsika pa 120, nayambanso. Ukalephera kutsika pa mphindi imodzi ndi theka, ankadziwa kuti ntchito yakula kapena munthuyo watopa, ndipo ankaleka. Manambala amenewa anali a amuna akuluakulu ozolowera. Mtima wa mwana umagunda mofulumirapo, ndiye mphunzitsi asawatenge ngati lamulo la kalasi lake. Chofunika kutengapo ndi chakuti mtima wolimba umabwerera msanga. Mwana amene kugunda kwake kumatsika msanga mu Novembala kuposa mmene kunkatsikira mu Seputembala, ameneyo walimba, ngakhale akhale womalizira pa mpikisano.

Popanda wotchi pali chiyeso china. Mwana wothamanga amene angathe kulankhula ndi mnzake koma sangathe kuimba, ali pa muyeso wabwino. Amene sangathe kutchula mawu atatu osapuma, ali pa ntchito yolemera, ndipo ntchito yolemera iyenera kukhala yaifupi.

Njira yoduladulayi inatchuka chifukwa cha anthu awiri. Emil Zátopek wa ku Czechoslovakia ankathamanga mamita 400 mobwerezabwereza, nthawi makumimakumi pa tsiku, ndipo pa masewera a Olympic a ku Helsinki mu 1952 anapambana pa mamita 5,000, pa mamita 10,000 ndi pa marathon, mtunda umene anali asanapikisanepo. Roger Bannister wa ku England anali wophunzira za udokotala ku London, wopanda nthawi yambiri. Pa nthawi ya chakudya cha masana ankathamanga gawo limodzi la magawo anayi a mailo ka 10, akupuma pafupifupi mphindi ziwiri pakati, ndipo kwa miyezi ankachepetsa masekondi pang'onopang'ono. Pa 6 Meyi 1954, ku Oxford, anathamanga mailo imodzi m'mphindi 3 ndi masekondi 59.4, woyamba kutsika pansi pa mphindi zinayi. Aphunzitsi ambiri akamva za anthu awiriwa amakopeka ndi Zátopek, chifukwa ntchito yake imamveka yaikulu. Koma iye anali msilikali wamkulu amene anamanga thupi lake kwa zaka zambiri, ndipo wofuna kumutsanzira ndi ana a zaka 12 adzangowaononga. Wa sukulu atengere Bannister: ntchito yaifupi, yoyesedwa, yobwerezedwa. Adziwenso kuti masiku angapo otsiriza mpikisano wake usanachitike Bannister anapuma osathamanga.

Kupuma kumeneku ndi gawo la maphunziro. Pa bwalo thupi limatopa ndi kuphwanyika pang'ono. Kulimba kwenikweni kumachitika pambuyo pake, munthu akudya ndi kugona. Minofu imene yagwira ntchito yolemera imafuna pafupifupi masiku awiri isanalemetsedwenso, chotero tsiku lolemera lizitsatidwa ndi tsiku lopepuka. Mwana wa zaka 6 kufikira 12 amafuna kugona maola 9 kufikira 12 usiku uliwonse. Amafunanso chakudya chomanga thupi pambali pa nsima: nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mazira ndi masamba. Mphunzitsi asanaimbe wenzulo afunse kuti ndani wadya m'mawa. Mwana amene wayenda mtunda wautali wopanda ngakhale phala m'mimba wachita kale masewera ake a tsikulo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zili mbee, ntchito ya pa bwalo ichepetsedwe, osati kuonjezedwa.

Funso la makolo

Makolo ambiri amafunsa kuti: kodi mwana amene amalima, kusinja, kutunga madzi ndi kutola nkhuni asowanso chiyani? Funsoli ndi lanzeru, ndipo sayenera kuliseka. Ntchito imalimbitsadi thupi. Mu 1953 dokotala Jeremy Morris anaonetsa kuti pakati pa antchito a mabasi a nsanjika a ku London, makondakitala amene ankakwera ndi kutsika makwerero tsiku lonse ankadwala mtima mocheperapo kuposa madalaivala amene ankangokhala pa mpando. Mwana wa kumudzi kawirikawiri amakhala ndi mphamvu zoposa mnzake wa m'tauni amene amapita ku sukulu pa galimoto.

Koma thupi limalimba pa chimene likuchitacho basi. Wopalasa bwato pa nyanja ali ndi mapewa ngati mwala, koma muuzeni athamange kuzungulira bwalo katatu, mudzamumva akupuma ngati mvukuto. Khasu limalimbitsa manja ndi msana munthu atawerama, silimphunzitsa kudumpha, kuponya, kapena kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka monga amachitira mtsikana wa ntchemberembaye. Mtolo wa pamutu umalimbitsa khosi, koma suongola msana umene wawerama m'munda m'mawa wonse. Masewera a ku sukulu ndiwo amafikira ziwalo zimene ntchito ya kunyumba yazisiya. Pa chifukwa chomwechi, kutuma ana kukapalira munda wa sukulu pa nthawi ya masewera sikulowa m'malo mwa masewerawo, ngakhale ana atuluke thukuta lotani. Ndipo mphunzitsi wofuna othamanga mamita 100 asawathamangitse mailosi. Wofuna osewera mpira awapatse mpira.

Thupi limazoloweranso malo. Pa masewera a Olympic a 1968 ku Mexico City, mzinda wokwera mamita 2,240 pamwamba pa nyanja yaikulu, kumene mpweya ndi wopyapyala, othamanga mitunda yaitali ochokera ku zigwa anavutika, pamene Kipchoge Keino, amene anakulira ku mapiri a ku Kenya, anapambana pa mamita 1,500. M'dziko muno kusiyana kwa pakati pa Dedza ndi Nsanje n'kodziwika kwa aliyense. Mwana wa kumapiri akatsikira ku chigwa cha Shire kukapikisana mu Okutobala, mdani wake woyamba ndi kutentha, ndipo thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha kwachilendo. Ngati sangapite msanga, apatsidwe madzi ambiri ndi mthunzi, ndipo asayembekezeredwe kuchita monga amachitira kwawo.

Lamulo lowawa koposa ndi lakuti mphamvu sizisungika m'nkhokwe. Mu 1966 madokotala a ku Dallas, ku America, anagoneka anyamata asanu athanzi a zaka 20 pa bedi kwa masabata atatu. Atadzuka, mphamvu ya matupi awo yogwiritsa ntchito mpweya inali itatsika ndi gawo loposa limodzi la magawo anayi. Anawaphunzitsa masewera kwa masabata 8, ndipo mphamvu zinabwerera. Mu 1996 anthu omwewo anayesedwanso ali ndi zaka 50, ndipo kunapezeka kuti zaka 30 za kukalamba sizinawafooketse monga anawafooketsera masabata atatu a pa bedi aja. Tsono timu imene inali yolimba potsekera sukulu siyomweyo potsegulira. Mphunzitsi ayambirenso m'munsi, ngakhale kuti ulendo wachiwiri umakhala waufupi kuposa woyamba.

Chimodzimodzi mwana wodwala malungo. Thupi likatentha asathamange konse, ngakhale akhale katswiri wa sukulu yonse ndipo mpikisano uli mawa. Akachira ndi kumaliza mankhwala, ayambe ndi kuyenda ndi masewera opepuka, chifukwa malungo amaononga magazi, ndipo magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. Mwana amene amatopa msanga nthawi zonse, amene m'kati mwa zikope ndi m'manja mwake muli motuwa, si waulesi ayi. Angakhale ndi vuto la kuchepa magazi chifukwa cha njoka za m'mimba, likodzo kapena chakudya chosakwana, ndipo chimene akufuna ndi kupita ku chipatala, osati kukalipiridwa.

Apa ndi pamene mphunzitsi wabwino amasiyana ndi woimba wenzulo chabe. M'kalasi limodzi mumakhala ana a zaka 10 ndi ena a zaka 15. Kuwapatsa ntchito imodzi n'kupweteka wamng'ono ndi kunyengerera wamkulu. Awagawe m'magulu monga mwa msinkhu ndi mphamvu, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo wa zaka 10 sanayambire limodzi ndi wa zaka 15. Mwana wa mphumu amatha kusewera, makamaka akayamba mofatsa ndipo mankhwala ake ali pafupi. Mwana wachialubino asewere m'mawa kapena pa mthunzi, atavala chipewa ndi malaya a manja aatali, chifukwa dzuwa limaononga khungu lake. Mwana wolumala mwendo angaponye, angagwire pagolo, angalimbitse manja. Asasandutsidwe mlonda wa malaya a anzake. Atsikana akatha msinkhu ambiri amaleka masewera chifukwa cha manyazi ndi mawu a anthu. Msambo suletsa kusewera ngati mtsikanayo sakumva kupweteka, ndipo mphunzitsi wamkazi kapena amayi a m'komiti ndiwo angalankhule nawo bwino za zimenezi ndi za zovala zoyenera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kutheratu, ndicho kulanga mwana ndi masewera. Wochedwa amauzidwa kuti azungulire bwalo ka 10. Wolongolola m'kalasi amadumpha ngati chule kufikira miyendo ikunjenjemera. Mwana wotere amaphunzira chinthu chimodzi, chakuti kuthamanga ndi chilango, ndipo tsiku limene adzasiya sukulu adzasiyanso kuthamanga. Kudumpha kwa chule kwa nthawi yaitali kumapwetekanso mawondo. Chimodzimodzi kupikisana kwa anyamata kuti ndani anyamule thumba la makilogalamu 50: nsonga za mafupa a mwana zikadali zofewa chifukwa ndi pamene akukulira. Kulemera kwa thupi lake lomwe, podzikweza ndi manja pansi, pokwera chingwe kapena podzikoka pa mtanda, n'kokwanira.

Za kutentha pafunika mawu owonjezera, chifukwa apa pali moyo wa mwana. Mu Okutobala ndi Novembala masewera olemera achitike m'mawa, osati masana dzuwa lili paliwombo. Chiphunzitso chakale chakuti wothamanga asamwe madzi n'cholakwa. Chidebe cha madzi abwino chikhale pambali pa bwalo, ndipo ana amwe asanayambe, pakati, ndi pomaliza. Mwana akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kukomoka thupi lili moto, agonekedwe pa mthunzi msanga, amasulidwe zovala, athiridwe madzi ozizira thupi lonse ndi kukupizidwa, ndipo atengeredwe ku chipatala nthawi yomweyo. Asamwetsedwe kanthu ali chikomokere. M'dzinja, mabingu akayamba kumveka, ana achoke pa bwalo ndi kulowa m'kalasi, osati kubisala pansi pa mtengo.

Phunziro lililonse liyambe ndi mphindi 5 kufikira 10 za kutenthetsa thupi: kuthamanga mofatsa, kuzunguza manja, kudumpha pang'ono. Kuongola minofu kwa nthawi yaitali munthu ataima kumayenera pomaliza, thupi litatentha.

Sukulu yopanda zipangizo

Aphunzitsi amadandaula kuti ana ndi ambiri ndipo mpira ndi umodzi. Mu 1953, ku University of Leeds ku England, R. E. Morgan ndi G. T. Adamson anakonza njira yoyenera vuto lotere. Ankaika malo angapo mozungulira, pa malo aliwonse ntchito yake, ndipo anthu ankasuntha kuchoka pa malo ena kupita pa ena. Kalasi la ana 80 lingagawidwe m'magulu 8 a ana 10. Gulu lina lidumphe chingwe, lina likwere ndi kutsika pa chitsa chachifupi, lina liponyerane mpira wachikulunga, lina lidzikweze ndi manja, lina lithamange mokhotakhota pakati pa timitengo, lina lidumphe mzere wolembedwa pansi. Ntchito ya miyendo itsatane ndi ya manja, kuti ziwalo zina zizipuma pamene zina zikugwira. Wenzulo ikalira pa mphindi imodzi, magulu asunthe. Pa mphindi 20 mwana aliyense wagwira ntchito, ndipo palibe amene waima pa mzere kudikira mpira. Teremu ikamapita, mphunzitsi aonjezere masekondi, kapena achititse ulendo wachiwiri.

Masewera a m'mudzi asanyozedwe. Chipako ndi kuthamanga moduladula kumene Gerschler ankaphunzitsa, kungoti ana anakupeza okha. Fulaye amaphunzitsa kuzinda ndi kuponya, jingo ndi phada zimalimbitsa mafupa a miyendo, ndipo wovina beni, chiwoda kapena ingoma kwa theka la ola wachita zimene dokotala aliyense angavomereze. Kusinthasintha masewera kumathandizanso kuti ana asanyong'onyeke ndiponso kuti chiwalo chimodzi chisalemedwe chokha.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, mu malangizo ake a 2020 linati ana a zaka 5 kufikira 17 azichita zolimbitsa thupi zofulumizitsa mtima pafupifupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata pakhale zolimbitsa minofu ndi mafupa. Kwa akuluakulu linati mphindi 150 kufikira 300 pa sabata. Mphindi zimenezi siziyenera kuchitikira ku sukulu zonse. Ulendo wa pansi wofulumira ndi masewera a madzulo zimawerengedwa. Mawu a akuluakuluwa akukhudzanso aphunzitsi ndi akalaliki amene anagula njinga yamoto n'kuleka kuyenda pansi.

A komiti ya sukulu ali ndi gawo lawo teremu isanayambe: kukwirira maenje ndi kuzula zitsa pa bwalo, kutola magalasi osweka ndi minga chifukwa ana ambiri amasewera opanda nsapato, ndi kupeza chidebe chokhala ndi chivindikiro. Mphunzitsi asunge kabuku kamodzi. Pa tsamba lililonse alembe dzina la mwana, nthawi imene amatenga kuzungulira bwalo, kugunda kwa mtima wake mphindi imodzi atamaliza, ndi masiku amene anadwala. Ayese sabata yoyamba ya teremu, ayesenso sabata yachisanu ndi chimodzi ndi sabata yotsiriza, ndipo kabukuko kaperekedwe kwa mphunzitsi wa kalasi lotsatira pamodzi ndi kaundula.